Kuzungulira Santorini tsiku limodzi ndi apongozi a mawondo ovuta

Amene mukupita ku Santorini, chilumba cha ku Greece, pa sitima zikuluzikulu zonyamula alendo zija, ndipo mukufuna kupeza galimoto ndi dalaivala wake kuti akuzungulitseni inu nokha, musayambe ndi kufunsa kuti mukaona malo angati. Yambani ndi kufunsa kuti mukakumana naye pati, akakutsitsani pati, ndipo nthawi yanji. Ulendo wonse wagona pamenepo. Anthu amene ndinawamva akudandaula pa sitima madzulo ake sankadandaula za dalaivala kapena za chilumbacho. Onse ankadandaula za phiri limene lili pakati pa sitima ndi galimoto.

Ife tinapita atatu mu September: ine, amuna anga ndi mayi awo, amene tikukhala nawo kuno ku Britain. Apongozi angawa mawondo awo ndi ovuta. Pamalo osalala amayenda bwinobwino ndi ndodo yawo, koma masitepe amachita kuwerenga limodzilimodzi. Ndiye chilichonse chimene ndinkasankha ndinkachiyeza ndi mawondo amenewo, ndipo zinatipindulira tonse, ngakhale ife a miyendo yolimbafe.

Za mapepala ndingonena mwachidule. Amene tikuyendera pasipoti ya Malawi timafunika viza ya Schengen kuti tiponde Greece, ngakhale tili ndi chilolezo chokhala ku Britain, ngakhale tikungotsika maola ochepa. Ngati sitima yanu ikudutsira ku Turkey kenako n'kubwereranso ku Greece, pemphani viza yolowera kangapo.

Tsopano phiri lija. Santorini ndi mlomo wa phiri lophulika. Cha m'ma 1600 Yesu asanabadwe, phirilo linaphulika moopsa, pakati pake panatitimira ndipo nyanja inalowamo. Chimene chinatsala ndi chilumba chokhota, mbali yake yoyang'ana mkati ili phompho loimirira. Midzi yoyera imene mumaiona pazithunzi, Fira, Firostefani, Imerovigli ndi Oia, inamangidwa m'mphepete mwenimweni mwa phompholo, pamwamba. Sitima zikuluzikulu zilibe poti zingakocheze. Zimaima pakati pa madzi, ndipo mabwato a eni dera ndi amene amatuta anthu kukawasiya padoko lakale, pansi pa Fira. Padoko limenelo sipafika msewu wa galimoto. Dalaivala wanu, kaya mwamulipira zingati, sangabwere kudzakutengani pamenepo. Muyenera kukwera nokha mamita oposa 200.

Njira zokwerera zilipo zitatu. Pali cable car, tizipinda 6 tolendewera pachingwe, kalikonse kolowa anthu 6. Ulendo wake ndi wa mphindi zitatu zokha, koma werengani nokha: anthu 36 ulendo umodzi, pamene sitima imodzi yokha imatha kutsitsa anthu masauzande, ndipo tsiku lina sitima zimakhalapo zingapo. Kuyambira 2025 akuluakulu anaika malire akuti alendo a pa sitima asapitirire 8,000 patsiku, komabe 8,000 pa tizipinda timeneti ndi mzere wosaoneka kothera. Pali masitepe pafupifupi 600 okhotakhota, amene mumayenda molimbirana ndi abulu, poterera ndi ndowe, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye pali abuluwo. Mu 2018 boma la Greece linaletsa kukweza pa bulu munthu kapena katundu wopitirira makilogalamu 100, chifukwa nyamazo zinkavulala misana. Ine nditaziona zili chiimire padzuwa mitu ili pansi, sindinafunenso n'komwe kuganizira zimenezo, ndipo apongozi anangoti, "Ine pa bulu? Mwana wanga, ndikagwa undinyamula ndiwe?"

A pa sitima amagulitsa maulendo awoawo, ndipo ubwino wake usabisike. Amene agula maulendo amenewo ndi amene amayamba kutsika, ndipo bwato lawo limakawasiya ku doko lina la Athinios, kumene basi imafika. Pokwera, chingwe chija sachiona n'komwe. Komanso basiyo ikachedwa, sitima imadikira. Koma mumakhala anthu makumi angapo m'basi imodzi, kutsika limodzi, kukwera limodzi, kudikira amene wasochera mu shopu. Wotsogolera amayenda ndi liwiro la gulu, ndipo munthu wa ndodo amangokhalira kuthamangira mbendera. Zimenezo ndinaziona pachilumba china m'mbuyomo paulendo womwewu, ndipo sindinafune kuti apongozi azimva ngati akuchedwetsa anthu. N'chifukwa chake tinasankha galimoto yathuyathu, tikudziwa kuti mtengo wake wina ndi kukwera chingwe tokha ndi kusunga nthawi tokha.

Kudakali milungu ingapo ndinalembera makampani angapo ang'onoang'ono a pachilumbapo, ena pa imelo, ambiri pa WhatsApp. Kayankhidwe kawo kanandiuza zambiri kuposa nyenyezi zimene anthu amawapatsa pa intaneti. Wina nditamuuza dzina la sitima ndi tsiku, anangonditumizira mndandanda wa malo ndi mtengo, basi. Mndandandawo unali wonona: Oia, Imerovigli, Firostefani, Pyrgos, phiri la Profitis Ilias, kolawa vinyo, Akrotiri, gombe lofiira, gombe lakuda, zonsezo m'maola anayi. Tsegulani mapu muone. Oia ili kunsonga ya kumpoto, Akrotiri kunsonga ya kum'mwera, misewu ndi yopapatiza ndipo mabasi akuluakulu amapanikizana m'makona. Ulendo wotere ndi wotsika, kujambula, kukwera. Ukafika pa sitima umachita kufunsa foni kuti ikukumbutse kumene unali.

Amene tinamutenga anayamba ndi mafunso. Anafunsa nthawi imene sitima ikufika ndi nthawi ya bwato lomaliza. Anandiuza yekha kuti tsiku limenelo padzakhala sitima zina, ndiye tiyesetse kutenga manambala a mabwato oyambirira. Nditatchula za mawondo, anachotsa yekha malo ena pamndandanda n'kunena kuti kumeneko mayi sakasangalala. Munthu wokuchotsera zinthu pamndandanda m'malo mokuwonjezera, ameneyo akudziwa ntchito yake.

Funsani momveka ngati m'galimotomo mudzakhala inu nokha. Ena amalengeza kuti ndi ulendo wa "kagulu kochepa", kumene ndi kukuphatikizani ndi anthu ena mu minibasi. Si zoipa, ndipo n'zotsikirako mtengo, koma mukatero nthawi si yanunso. Pa galimoto yanuyanu ambiri amatchaja galimoto yonse malinga ndi maola, osati munthu aliyense payekha, ndiye mukakhala anayi kapena asanu mtengo wa munthu mmodzi umayandikira wa basi ya pa sitima ija. Ife atatu zinatikwerera, ndi mayuro mazana angapo, osabisa.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti dalaivala ndi wotsogolera alendo ndi anthu awiri osiyana. Ku Greece, wofotokozera alendo m'malo a zakale ndi m'nyumba zosungira zakale amayenera kukhala ndi chiphaso cha boma, chimene amachipeza atachita maphunziro. Dalaivala angakuuzeni nkhani zambiri m'galimoto, ndipo wathu anali wolankhula bwino Chingerezi, koma pageti la malo a zakale a Akrotiri amaima. Ngati kampani yalemba kuti muli ndi wotsogolera, funsani ngati ali ndi chiphasocho ndipo ngati adzalowa nanu mkati. Funsaninso ngati matikiti olowera ali mumtengo womwewo, kawirikawiri sakhalamo, ndipo onetsetsani kuti tsiku lanulo malowo ndi otsegula.

M'mawa wa tsikulo amuna anga analawirira kukatenga manambala, ndipo tinatsika ndi mabwato oyambirira. Pachingwe tinaima pang'ono chabe. Tili m'kachipinda kaja ndinayang'ana pansi, doko linali litayamba kale kuda ndi anthu. Dalaivala tinamupeza potulukira pamwamba atanyamula pepala la dzina lathu, koma galimoto sinali pomwepo ayi. M'tinjira ta Fira galimoto sizilowa, ndiye pali kuyenda mphindi zingapo, kokwera pang'ono, pamiyala. Zimenezinso funsirani pasadakhale ngati muli ndi wachikulire kapena mwana wa pa ngolo.

Tinayamba ndi Oia, makilomita 11 kapena 12 kuchokera ku Fira, ndipo apa ndikulimbikira: pitani ku Oia m'mawa. Aliyense amafuna kukaonera kumeneko kulowa kwa dzuwa, pa bwinja la linga lakale, ndipo chakumadzulo tinjira take timadzaza moti kuyenda umachita kukankhidwa. Musanakopeke ndi mawu akuti dzuwa likulowa, yerekezani nthawi yake ndi ya bwato lomaliza. Ngati sitima yanu ikunyamuka madzulo kusanade, nkhani ya dzuwayo iwalani, mudzaliona muli pa sitima.

M'mawa Oia ndi mudzi wabwino kwa munthu wa ndodo, chifukwa njira yake yaikulu inayalidwa miyala yosalala ndipo siikwera kwambiri. Vuto ndi tinjira totsikira kuphompho. Madenga abuluu otchuka aja, a matchalitchi a Agios Spyridon ndi Anastasi, amaonekera bwino pakanjira kena kopapatiza, ka masitepe, ndipo ngakhale m'mawa panali kamzere ka anthu odikira kujambulitsa. Atsikana ena anali atavala madiresi aatali a michira youluka ndi mphepo, wojambula akuwauza poima, mnzake atagwira mchirawo n'kuuponya m'mwamba. Apongozi anakhala pakakhoma, ndodo pamiyendo, n'kumaonerera. Atatopa nazo anati, "Abale, ukwati wake mkwati yekhayekha?" Pazitseko zambiri pali zikwangwani zopempha anthu kuti asakwere pamadenga, chifukwa denga limene mlendo akuimapo pofuna chithunzi ndi la nyumba ya munthu kapena la tchalitchi chimene anthu amapempheramo. Nyumba zambiri za m'phomphomo anachita kuboola m'thanthwe, n'chifukwa chake denga la wina limakhala khonde la mnzake. Mudziwu unagumuka kwambiri ndi chivomezi cha 1956, anthu ambiri anasamuka, ndipo zambiri zimene zikuwala lerozi anazikonzanso pambuyo pake.

Pobwerera tinaima pang'ono pa Firostefani kuona tchalitchi cha mabelu atatu, pamene galimoto imafika pafupi. Kenako tinakwera Profitis Ilias, nsonga yaitali pachilumba chonse, mamita 567, pamene pali nyumba ya amonke ya mu 1711. Kwa munthu wosatha kuyenda kwambiri malo amenewa ndi mphatso, chifukwa galimoto imakafika pamwamba penipeni. Kuchokera pamenepo chilumba chonse umachiona ngati chili m'manja, mpaka Oia kumene tachokera, bwalo la ndege, ndi tizilumba takuda ta pakati pa madzi. Kamodzi mwa ito, Nea Kameni, kanaphulika komaliza mu 1950. Mphepo yake ndi yochotsa duku kumutu, gwirani bwino. Pyrgos tinangodutsa m'munsi mwake. Ndi mudzi wokongola, wabata kuposa Oia, koma wonse ndi chikweza cha masitepe mpaka kulinga la pamwamba.

Za vinyo tinakambirana kale ndi dalaivala kuti sitikufuna kukhala pansi kulawa. Apongozi ndi mayi wa Mvano, mowa sayandikira, ndipo ola lathunthu likanapita pachabe. Maulendo ambiri amaikamo malo olawira vinyo kapena shopu inayake musanapemphe, ndiye ngati simukufuna nenani poyamba pomwe. Amene mumamwa, vinyo wawo woyera wa mphesa za Assyrtiko ndi wotsekemera uja wa Vinsanto, wa mphesa zoyanika padzuwa, ndi zimene chilumbachi chimanyadira. Ife tinangopempha kuti aime m'mbali mwa munda. Ndinali ndikuona titchire tobiriwira tomwazikana pansi m'njira monse, osadziwa kuti imeneyo ndiyo minda ya mpesa. Kumeneko mpesa sauyanga pamitengo kapena pawaya. Amaupota mozungulira pansi pomwepo, chaka ndi chaka, mphesa n'kumakulira mkati mwake, kuti mphepo ndi mchenga zisaziwononge. Mvula ndi yochepa, ndipo mbewuyo imadalira chinyezi cha usiku chochokera kunyanja chimene dothi la phulusa lija limasunga. Kukolola anali atamaliza mu August. Apongozi anawerama movutikira, n'kukweza masamba ndi ndodo kuti aone bwino. "Iyi ndi nkhata," anatero. "Anthu awa amalima nkhata." Anafunsa mafunso ambiri pamenepo kuposa pena paliponse, ine n'kumamasulira: amathirira bwanji, amapalira ndi chiyani, mbuzi sizidya? M'basi ya anthu makumi anayi sitikanaima pamunda umenewo.

Kumene tinakhalitsa ndi ku Akrotiri, ndipo ndi kumene ndalama ya wotsogolera wa chiphaso inagwira ntchito. Umenewu ndi mzinda umene unakwiririka ndi phulusa pamene phiri lija linaphulika, ndipo katswiri wofukula zakale, Spyridon Marinatos, anayamba kuufukula mu 1967. Malo onse ali pansi pa denga limodzi lalikulu, ndiye mumayenda mumthunzi, panjira zokonzedwa bwino, zambiri zosalala. Mukalowa nokha mungoona makoma otuwa ndi mitsuko, mphindi makumi awiri mwatuluka. Mayi amene anatitsogolera anatiimika pamalo ena n'kutionetsa masitepe a miyala othyoka pakati, mmene chivomezi chinawasiyira zaka zoposa 3,500 zapitazo. Anationetsa nyumba zosanjikiza, zina ziwiri zina zitatu, ndi ngalande zotulutsa madzi oipa zodutsa pansi pa misewu. Mitsuko ikuluikulu yosungiramo mafuta, vinyo ndi ufa ili chiimire m'zipinda momwe eni ake anaisiya. Mabedi a matabwa anaola kalekale, koma anasiya mphako m'phulusa, ndipo ofukula anathiramo pulasitala n'kutulutsa maonekedwe ake enieni. Chimene chinawagwira mtima apongozi n'chakuti m'mzindamo simunapezeke mitembo, ndipo zinthu za golide zinapezeka zochepa kwambiri. Zikuoneka kuti zivomezi zinawachenjeza, anthu ananyamula chuma chawo n'kuthawa phiri lisanaphulike. "Ndiye anakafika?" anafunsa apongozi. Mayi uja anangotambasula manja.

Dziwani kuti zithunzi zotchuka zojambula pamakoma a Akrotiri sizili pamalopo. Zina zili ku Museum of Prehistoric Thera ku Fira, zina ku National Archaeological Museum ku Athens. Ngati ndi zimene mukufuna, uzani dalaivala akusiyeni ku Fira nthawi ikadalipo.

Gombe lofiira lili pafupi ndi Akrotiri, koma kanjira kake n'kamiyala ndipo pali zikwangwani zochenjeza za miyala yogumuka. Sitinapiteko. Tinakadya ku Perivolos, kugombe la mchenga wakuda, kumene galimoto imaima pakhomo pa malo odyera. Itanitsani fava, phala la nandolo zachikasu zakumeneko lothira mafuta a olivi ndi anyezi, ndi tomatokeftedes, zitumbuwa za timatimati tawo tating'ono. Mchengawo masana umawotcha, osavula nsapato. Madzi a pampopi pachilumbapo anthu samwa, ndi a m'nyanja ochotsedwa mchere, ndiye funsani ngati m'galimoto mudzakhala a m'botolo.

Kubwerera ndiye pamene pamagona ngozi. Anthu amakwera phiri nthawi zosiyanasiyana, koma potsika onse amafuna nthawi imodzi, kuphatikizapo ambiri a mabasi a pa sitima aja, chifukwa nawonso kawirikawiri amawasiya ku Fira kuti atsike okha. Ife tinagwirizana ndi dalaivala kuti atifikitse pachingwe kutatsala maola awiri kuti bwato lomaliza linyamuke. Amuna anga ankaona ngati ndikuwonjeza. "Amayi, maola awiri onse? Bwenzi titaonako kwina." Titafika, mzere unali utatuluka panja n'kukhota m'kanjira ka mashopu, padzuwa, popanda pokhala. Tinaima nthawi yaitali ndithu, ine ndi abambo tikusinthana pamzere, apongozi atakhala pasitepe ya shopu ina imene mwini wake anawalola. Anthu ena atataya mtima anayamba kutsika wapansi ndi abulu aja. Kwa ife njira imeneyo kunalibe. Mukayenda panokha n'kuchedwa, sitima siidikira, ndipo kuilondola kudoko lotsatira ndi ndalama zanu. Onaninso kuti wotchi yanu ikugwirizana ndi ya pa sitima. Greece ili patsogolo pa Britain ndi maola awiri, ndipo nthawi imene mwapangana ndi dalaivala ndi ya pachilumba.

Pali njira ina yozemba chingwe pokwera: padoko lakale pamakhala mabwato opita ku Ammoudi, pansi pa Oia, kumene galimoto imakutengani kukwera kumudzi. Ngati tsiku lanu kuli sitima zambiri, funsani dalaivala ngati angakudikireni ku Oia m'malo mwa Fira. Potsika, ngati masitepe aja simungawathe, chingwe chija simungachithawe.

Amene mukugona pachilumbapo nkhani yanu ndi yopepuka. Dalaivala adzakutengani pafupi ndi hotela, mungayambe ulendo chakumasana n'kuthera ndi dzuwa lija, ndipo masiku ena mungayende pa mabasi okwera aliyense a KTEL, amene onse amanyamukira ku Fira. Matakisi ndi ochepa kwambiri, musawadalire.

Musanatumize dipoziti, funsani kuti zidzatha bwanji sitima ikapanda kuima pa Santorini. Zimachitika. Mu July ndi August kumawomba mphepo yamphamvu ya kumpoto yotchedwa meltemi, ndipo nyanja ikalusa woyendetsa sitima amatha kungodutsa. Kumayambiriro kwa 2025 kunachitika zivomezi zambirimbiri motsatizana moti anthu masauzande anachoka pachilumbapo kwa kanthawi. Wathu analemba pa WhatsApp kuti sitima ikapanda kuima adzabweza zonse, ndipo ikachedwa adzasuntha nthawi popanda kuwonjeza mtengo. Uthengawo ndinausunga. Zotsala tinamulipira pamanja pomaliza ulendo, ndiye khalani ndi mayuro m'thumba. Pa bajeti yanu muikeponso msonkho wa alendo a pa sitima umene Greece inayamba kutolera mu 2025, mayuro 20 munthu mmodzi pa Santorini ndi Mykonos m'miyezi ya alendo ambiri. Umenewu sukhudza dalaivala, umabwera pa bilu ya pa sitima.